Zidole zolemba, zoimba ndi zonamiza: makina ankasunga pati nzeru kusanabwere kompyuta?

Mu mzinda wa Neuchâtel, ku Switzerland, muli kamnyamata kamene kanayamba kulemba m'chaka cha 1774 ndipo mpaka lero sikanatope. Kamakhala pa kampando, patsogolo pake pali katebulo, m'dzanja lamanja kagwira nthenga ya tsekwe. Woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale akapukusa kiyi wake, kamatukula mkono n'kuviika nthenga ija mu inki, kuikutumula pang'ono kuti isadonthezere papepala, kenako n'kuyamba kulemba chilembo chimodzichimodzi. Maso ake amatsatira nsonga ya nthenga, ndipo dzanja likamapita kukaviika, mutu nawo umatembenukira komweko. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 70. M'kati mwake muli tizidutswa pafupifupi 6,000, koma mulibe batire, mulibe waya wamagetsi, mulibe chilichonse chimene lero tingachitche kompyuta.

Anakapanga ndi Pierre Jaquet-Droz, mmisiri wa mawotchi wa ku La Chaux-de-Fonds, mothandizana ndi mwana wake Henri-Louis komanso Jean-Frédéric Leschot, pakati pa 1768 ndi 1774. Kali ndi anzake awiri: kamnyamata kena kojambula ndi pensulo, kamene kamauzira fumbi la pensuloyo kuti lichoke papepala, ndi mtsikana woimba limba lenileni ndi zala zake, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati akupuma. Cholinga cha eni ake chinali malonda. Amafuna kuti mafumu ndi anthu achuma a ku Ulaya agwire pakamwa, kenako agule mawotchi.

Munthu akaona chinthu chotere amayamba wafunsa kuti chikuyenda bwanji. Yankho lake si lovuta: muli sipuling'i imene imamangika popukusa kiyi, ndipo ikamamasuka imazunguza magiya. Funso lovuta ndi lina. Dzanja lachitsulo likudziwa bwanji kuti mchira wa "g" utsike m'munsi, kuti "t" adulidwe pamwamba, kuti chilembo ichi chikatha pabwere chakuti? Kudziwako kwasungidwa pati? Kwa zaka pafupifupi 2,000 amisiri a ku Egypt, Iraq, Ulaya ndi Japan anakhala akulimbana ndi funso limeneli, ndipo mayankho awo ndi amene anatsegula njira ya makina amene tili nawo lero.

Chingwe, phula ndi njere za mpiru

Heron, mmisiri wa Chigiriki wa ku Alexandria ku Egypt, amene anakhala ndi moyo cha m'ma 60 AD, amadziwika kwambiri ndi zitseko za kachisi zotseguka zokha. Wansembe akasonkha moto paguwa, mpweya wa m'kati mwa guwalo umatentha n'kukankhira madzi mu ndowa yobisika pansi. Ndowa ikalemera imatsika, kukoka zingwe, zitseko n'kutseguka. Moto ukazima zonse zimabwerera m'malo. Ndi luso ndithu, koma makina otere amadziwa chinthu chimodzi chokha.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri mwa zonse za Heron ndi kangolo kake koyenda kokha pabwalo la zisudzo. M'kati mwake munali chibulumwa cholemera cha mtovu chokhala pamwamba pa njere za mpiru kapena mawere zothiridwa mu chubu. Pansi pa chubucho panali kabowo. Njere zikamatuluka pang'onopang'ono, mtovu umatsika nawo pang'onopang'ono, uku ukukoka chingwe chokulungidwa pa mtanda wa magudumu. Apa Heron anathetsa mavuto awiri pakamodzi: mtovu umapereka mphamvu, njere zimaletsa kuti mphamvuyo isathe m'kuphethira kwa diso.

Nanga malangizo? Anali m'kakulungidwe ka chingwe. Pa mtanda paja anakhomapo tizikhomo. Chingwe chikakulungidwa cha kumanja ngolo imapita kutsogolo. Akachikoletsa pa kachikhomo n'kuyamba kuchikulunga cha kumanzere, ngolo ikafika pamenepo imabwerera m'mbuyo. Akafuna kuti iime kwa kanthawi, amasiya chingwe china cholendewera, chomatidwa ndi phula, kotero kuti mtovu umakoka kaye chingwe cholendeweracho magudumu ali chiimire. Ngolo ikaima, moto umayaka paguwa laling'ono, mkaka umatuluka ku ndodo ya chifanizo cha Dionysus, mulungu wa vinyo wa Agiriki, vinyo kutuluka m'chikho chake, tizifanizo ta akazi tikuvina mozungulira. Ndiye kuti amene akufuna sewero lina samapanga ngolo ina. Amangomasula chingwe n'kuchikulunga mwatsopano. Nzeru yaikulu ya nkhani yathu yonse yayamba kale kuonekera pamenepa: makina ochita ntchito ndi chinthu china, malangizo ndi chinthu chinanso.

Njovu yodziwa nthawi

Mabuku a Agiriki anamasuliridwa m'Chiarabu, ndipo luso limeneli linakakulira ku Baghdad. Cha m'ma 850, abale atatu odziwika ndi dzina lakuti Banu Musa analemba za zipangizo pafupifupi 100. Anafotokozanso za chitoliro choimba chokha, choyendera madzi, chimene chinali ndi mgolo wozungulira wokhomedwa tizikhomo. Kachikhomo kakafika pa kandodo kamakatukula, bowo la chitoliro n'kutseguka. Kusintha malo a tizikhomo ndiko kusintha nyimbo. Mgolo wa zikhomo umenewu tiupezanso mobwerezabwereza mpaka zaka za m'ma 1800.

Koma mfumu ya amisiri a nthawi imeneyo ndi Ismail al-Jazari, amene anagwira ntchito kwa zaka 25 kunyumba ya mafumu a Artuqid ku Diyarbakır, m'dziko limene lero ndi Turkey. M'chaka cha 1206 anamaliza buku lofotokoza makina 50, ndipo sanabise kanthu. Analemba miyeso, zipangizo, ndi zojambula, kuti mmisiri wina athe kupanga yekha. Ndi chifukwa chake wotchi yake ya njovu inatheka kupangidwanso masiku ano, ndipo ina yaikulu ili mu Ibn Battuta Mall ku Dubai.

Wotchiyi ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. M'mimba mwa njovu muli thanki ya madzi, ndipo pamadzipo pamayandama mbale yokhala ndi kabowo pansi. Madzi amalowa pang'onopang'ono, ndipo kabowoko anakayeza kuti mbale imire pakatha theka la ola. Ikamamira imakoka chingwe chimene chimazunguza chifanizo cha mlembi wokhala pamsana pa njovu, cholembera chake chikuloza mphindi. Ikamira kotheratu imakoka chingwe china chimene chimamasula kampira kachitsulo pamwamba penipeni pa nsanja. Kampira kakamatsika kamazunguza mbalame ya pansonga, kenako n'kutulukira pamlomo pa chifanizo cha mphamba n'kugwera m'kamwa mwa chinjoka. Chinjoka chikalemedwa chimawerama n'kulavulira kampira mu mtsuko, belu n'kulira, woyendetsa njovu n'kumenya ndi zida za m'manja mwake. Tsono taonani mochenjera mwake: chinjoka chija powerama chimakoka unyolo umene umavuula mbale ija m'madzi, kuikhuthula, n'kuisiya ikuyandamanso. Mapeto a ntchito ndi amene akuyambitsanso ntchito. Munthu amangofunika kubwezera timipira pamwamba ndi kuonetsetsa kuti madzi sanachepe.

Ku Ulaya luso limeneli linalowera m'mawotchi a matchalitchi. Wotchi ya ku Strasbourg ya m'ma 1350 inali ndi tambala wachitsulo wokupiza mapiko ndi kulira, ndipo tambalayo alipobe. Amisiri ataphunzira kugwiritsa ntchito sipuling'i m'malo mwa madzi ndi miyala yolemera, zidole zinachoka pansanja n'kuyamba kuyenda patebulo. Ku Smithsonian, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Washington, kuli chifanizo cha mmonke cha m'ma 1560, chimene ambiri amati anapanga ndi Juanelo Turriano. Chimayenda, kudziguguda pachifuwa, kutukula mtanda n'kuupsompsona, milomo ikugwedera ngati chikupemphera chamumtima.

Mmene mkuwa umakumbukirira

Tibwerere kwa mlembi wa ku Neuchâtel, chifukwa iyeyu ndiye akutionetsa bwino chinsinsi cha zidole zimenezi. Akatsegula kumsana kwake mumaoneka mulu wa timbale ta mkuwa tosanjikizana pa mtanda umodzi woimirira. Timbale timeneti si tozungulira bwinobwino. M'mphepete mwake ndi mokwera ndi motsika, ndipo amisiri anachita kusema dala motero. Amakaniko amakadziwa kachipangizo kameneka ndi dzina lakuti cam, ndipo n'komwe kamatsegula ndi kutseka mavavu mu injini ya galimoto.

Amene anakwerapo njinga ya limu yopindika amvetsa msanga. Gudumu likazungulira kamodzi, wokwerayo amadumphitsidwa pamalo omwewo, mofanana, ulendo uliwonse, ngati kuti limuyo ikukumbukira pamene inagunda mwala. Tsono tangoganizani mmisiri atapinda limu mwadala, mosamala, kuti kudumphako kukhale ndi tanthauzo. Kandodo kachitsulo kamatsamira m'mphepete mwa kambale, kambale kakamazungulira kandodo kamakwera ndi kutsika motsatira msemedwe wake, ndipo kuyenda kumeneko kumadutsa m'timikono tina mpaka kukafika ku dzanja.

Chilembo chilichonse chimafuna timbale titatu. Kamodzi kamayendetsa dzanja kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo, kachitatu kamatukula ndi kutsitsa nthenga, mpaka kusiyanitsa pamene mzere uyenera kunenepa ndi pamene uyenera kuonda. Titatu timeneti tikazungulira limodzi, chilembo chabadwa. Choncho "a" wa mlembiyu si chithunzi chosungidwa penapake. Ndi mapiri ndi zigwa za m'mphepete mwa timbale titatu ta mkuwa.

Jaquet-Droz akanalekera pamenepo, chidole chake chikanamangolemba mawu amodzimodzi mpaka kalekale. Iye anawonjezera gudumu lina chakumunsi kwa msana, lokhala ndi malo 40. Pamalo aliwonse amalowetsapo kachitsulo ka msinkhu wakewake, ndipo msinkhuwo ndi umene umakweza kapena kutsitsa mulu wonse wa timbale kuti titatu toyenera tifike pa tindodo towerenga. Kusanja tizitsulo timeneti ndiko kusankha mawu, mpaka zilembo 40. Ndi ntchito yofuna kudekha, koma zotsatira zake n'zakuti makina omwewo akhoza kulemba mawu amene wowapanga, yemwe anamwalira mu 1790, sanawaganizepo.

Kukumbukira kwa mkuwa kumapirira kuposa kwa anthu. M'chaka cha 1928, bungwe la Franklin Institute ku Philadelphia linalandira chidole chowonongeka ndi moto. Eni ake sankadziwa bwinobwino amene anachipanga. Mmisiri wa pamalopo atachikonza n'kuchipatsa cholembera, chinajambula zithunzi zinayi ndi kulemba ndakatulo zitatu, ziwiri m'Chifalansa ndi imodzi m'Chingerezi. M'mphepete mwa ndakatulo ina chinalemba chokha kuti ndi chidole cha Maillardet. Ameneyu ndi Henri Maillardet, mmisiri wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku London cha m'ma 1800. Zikalata zinasowa, mibadwo inaiwala, koma timbale tinasunga dzina.

Chitoliro choona, bakha wabodza

Zaka zoposa 30 mlembi uja asanabadwe, ku Paris kunali kale munthu amene anadabwitsa Ulaya yense. Jacques de Vaucanson, wobadwira ku Grenoble mu 1709, sankafuna kungosangalatsa anthu. Nthawi imeneyo ophunzira ankakangana pa maganizo a René Descartes, wafilosofi wa ku France, akuti thupi la nyama ndi makina basi, ndipo Vaucanson anaona kuti njira yoyesera maganizowo ndi kupanga thupi lochita zimene thupi lamoyo limachita.

Mu 1738 anaonetsa woimba chitoliro wa msinkhu wa munthu. Zikanakhala zosavuta kubisa kalimba m'mimba mwa chifanizo n'kungogwedeza zala, koma iye sanatero. Chifanizocho chinkauziradi chitoliro chenicheni. Pansi pake panali mivukuto isanu ndi inayi yopereka mpweya wamphamvu zosiyanasiyana, wodutsa m'mapaipi atatu mpaka kukhosi. Milomo inkatseguka, kutsekeka, kusendera kutsogolo ndi kumbuyo. M'kamwa munali kalilime kachitsulo kodula mpweya. Nsonga za zala anazikuta ndi chikopa chofewa chifukwa mtengo ndi chitsulo sizitseka bwino mabowo. Zonsezi zinkalamulidwa ndi mgolo wa zikhomo kudzera m'tindodo 15, ndipo chinkaimba nyimbo 12. Kuti afike pamenepa Vaucanson anayenera kuphunzira zimene woimba chitoliro amachita ndi milomo yake, zinthu zimene oimba eniake sakanatha kufotokoza.

Chaka chotsatira anatulutsa bakha wa mkuwa. Ankakupiza mapiko, kulira, kumwa madzi, kujompha chakudya m'manja mwa munthu, ndipo pakapita kanthawi ankachita chimbudzi. Vaucanson ananena kuti m'mimba mwa bakhayo chakudya chikugayikadi. Sizinali zoona. Amene anadzamuunika pambuyo pake anapeza kuti chakudya chinkangogwera m'kathumba, ndipo chotuluka kumbuyocho chinali chokonzeratu, chosungidwa pamalo ena.

Zimandiwawa kuti lero dzina la Vaucanson likatchulidwa, anthu ambiri amakumbukira bakha. Woimba chitoliro anali ntchito yoona, yozama, ya munthu amene anamvetsa mpweya ndi milomo. Bakha anali ndi mapiko opangidwa mwaluso, inde, koma chimene chinamutchukitsa ndi chinyengo. Ndipo zidole zonsezo zinasowa. Tatsala ndi zolemba ndi zojambula chabe.

Munthu wa m'bokosi

Chinyengo chachikulu koposa chinabwera mu 1770, pamene Wolfgang von Kempelen anaonetsa kunyumba yachifumu ya Maria Theresa ku Vienna chifanizo chosewera tchesi. Chinavala mkanjo ndi nduwira ngati munthu wa ku Turkey, chitakhala kuseri kwa bokosi lalikulu lokhala ndi bolodi pamwamba. Masewera asanayambe, Kempelen ankatsegula zitseko za bokosilo chimodzichimodzi, kuunikira ndi kandulo kumbuyo kuti anthu aone magiya ndi malo opanda kanthu. Kenako ankapukusa kiyi, chifanizo n'kutukula dzanja lamanzere, masewera n'kuyamba. Chinkapambana kawirikawiri. Chinasewera ndi Benjamin Franklin ku Paris mu 1783, ndipo mu 1809, chili m'manja mwa mwini wake watsopano Johann Nepomuk Mälzel, chinagonjetsa Napoleon.

M'bokosimo munali munthu. Ankakhala pa mpando wotsetsereka, ndipo zitseko zikamatsegulidwa motsatana, iye ankasendera mbali imene yatsekedwa. Magiya ambiri amene anthu ankaona anali ongophimba m'maso. Tizidole ta tchesi tinali ndi maginito pansi, ndipo kunsi kwa bolodi kunkalendewera tizitsulo timene tinkagwedezeka kadole kakasuntha, motero wobisalayo ankadziwa zimene mnzake wachita. Anali ndi bolodi yakeyake yaing'ono, kandulo yomuunikira, ndi timikono tolumikiza dzanja lake ku dzanja la chifanizo. Mälzel ankalemba ganyu akatswiri enieni a tchesi. Wina wa iwo, William Schlumberger, anayenda naye ku America mpaka pamene anamwalira ku Havana mu 1838. Chifanizocho chinapsa ndi moto ku Philadelphia mu 1854, ndipo mwana wa mwini wake womaliza anaulula zonse mu 1857.

N'chifukwa chiyani m'bokosimo munayenera kukhala munthu? Yankho lake likutionetsa malire a zonse zimene tafotokozazi. Chingwe cha Heron, mgolo wa zikhomo, timbale ta Jaquet-Droz, zonsezi zimabwereza zimene zinakonzedwa kale. Mlembi wa ku Neuchâtel mutamuchotsera pepala apitiriza kulemba m'malere. Koma tchesi imafuna kuona zimene mnzako wachita, ndiyeno n'kusankha. Palibe kambale ka mkuwa kamene kangasemedwe lero kuti kayankhe maganizo amene munthu adzakhale nawo mawa. Anthu oganiza bwino a nthawiyo anaiona mfundo imeneyi ndipo anakayikira kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti ambiri analephera kulongosola mmene munthuyo ankabisalira.

Kempelen mwiniwake sankachiwerengera kwenikweni chifanizocho. Mtima wake unali pa makina olankhula, amene anawagwirira ntchito zaka pafupifupi 20: mvukuto m'malo mwa mapapo, kabango konjenjemera m'malo mwa kholingo, ndi kamwa lofewa loumbidwa ndi dzanja. Anafotokoza zonse m'buku la mu 1791, ndipo akatswiri a kalankhulidwe amalilemekeza mpaka pano. Apanso ntchito yoona inaphimbidwa ndi mbiri ya yabodza.

Ku Japan amisiri anayandikirako pang'ono ku makina omva zimene zikuchitika. Buku la Hosokawa Hanzō la mu 1796 likufotokoza kapangidwe ka chidole choperekera tiyi, cha magiya amatabwa ndi sipuling'i yochokera m'kamwa mwa namgumi. Mwininyumba akaika kapu pa thireyi imene chanyamula, kulemera kwa kapuyo kumamasula buleki, chidole n'kuyamba ulendo wopita kwa mlendo chikugwedeza mutu. Mlendo akanyamula kapu chimaima. Akamwa n'kubwezerapo, chimatembenuka kubwerera kumene chachokera. Si kuganiza ayi, koma chikudikira munthu, ndipo zochita zake zikudalira zochita za iye. Mmisiri wina wa zidole zotere, Tanaka Hisashige, anapanga kamnyamata kotenga muvi, kuukoleka pa uta ndi kulasa chandamale. Ali wokalamba, mu 1875, anatsegula fakitale ku Tokyo imene inadzakhala umodzi wa mizu ya kampani ya Toshiba.

Kuchoka pa chidole kufika pa nsalu

Wina akhoza kunena kuti zonsezi zinali zoseweretsa za anthu olemera. Mbali ina n'zoona. Koma taonani kumene Vaucanson anapita atatopa ndi zidole. Mu 1741 boma la France linamuika kukhala woyang'anira ntchito yowomba nsalu za silika. Kuwomba nsalu yamaluwa inali ntchito yowawa: pa mzere uliwonse pamafunika kutukula ulusi wina n'kusiya wina, ndipo pambali pa wowomba pamakhala wothandiza, kawirikawiri mwana kapena mtsikana, wokoka zingwe tsiku lonse. Ku Lyon, Basile Bouchon anali atayesa kale mu 1725 kugwiritsa ntchito pepala lobooledwa posankha ulusi, ndipo Jean-Baptiste Falcon anasintha pepalalo kukhala makadi mu 1728. Vaucanson anabweretsa zimene anaphunzira pa woimba chitoliro. Cha mu 1745 anapanga makina owomba okha, olamulidwa ndi mgolo wokhala ndi mabowo. Pamene pali bowo singano imalowa, pamene palibe imakankhidwa, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumasankha ulusi woti utukulidwe.

Owomba nsalu a ku Lyon sankamuonera kukondwa. Mu 1744 anaukira malamulo atsopano a ntchito yawo amene iye anali nawo mbali, malamulo okomera amalonda akuluakulu, ndipo Vaucanson anachita kuthawa mumzindamo. Kawirikawiri nkhaniyi imakambidwa ngati ya anthu osafuna chitukuko. Ine sindikuona choncho. Munthu amene makina ake ankatamandidwa kuti ngakhale hatchi, ng'ombe kapena bulu akhoza kuwomba nawo nsalu yoposa ya amisiri, ankawauza anthuwo poyera kuti luso limene analiphunzira kuyambira ubwana latha ntchito. Mantha awo oti alandidwa nsima pakamwa anali ndi maziko.

Makina a Vaucanson sanafale. Anakhala m'nyumba yosungiramo zinthu ku Paris mpaka Joseph Marie Jacquard atawaunika n'kuphatikiza nzeru zake ndi makadi a Falcon. Makina a Jacquard a mu 1804 ankawerenga makadi obooledwa osokedwa pamodzi ngati unyolo, khadi limodzi pa mzere umodzi wa nsalu. Apa panasintha chinthu chachikulu. Mgolo uli ndi malire, chifukwa ukazungulira kamodzi nyimbo yatha ndipo iyambiranso. Unyolo wa makadi ulibe malire otero. Ukhoza kutalika mmene mwini wake akufunira, ukhoza kukopedwa, kusungidwa pashelefu, kutumizidwa ku mzinda wina. Chithunzi cha Jacquard mwiniwake chimene chinawombedwa ndi silika mu 1839 chinafuna makadi 24,000, ndipo ambiri ochiona ankayesa kuti n'chosindikizidwa papepala.

Chimodzi mwa zithunzi zimenezo chinali m'nyumba ya Charles Babbage, katswiri wa masamu, ku London. Babbage ali mwana anapita ndi mayi ake kukaona zidole za John Joseph Merlin, mmisiri amene anathandiza kupanga mbalame yasiliva ya mu 1773 imene lero ili ku Bowes Museum, ku England. Kwa Merlin kuja anakopeka ndi kachifanizo kasiliva ka mkazi wovina, ndipo atakula anakagula n'kukaika m'chipinda chake chochezera. Pamene ankakonza mapulani a makina ake owerengera otchedwa Analytical Engine m'ma 1830, anasankha makadi a Jacquard kuti ndiwo azinyamula malangizo. Makinawo sanamalizidwe, koma pamapulani ake panali chinthu chimene zidole zonse zinalibe: kutha kuyang'ana yankho limene lapezeka, n'kusankha makadi oti awerengedwe motsatira yankholo. Ada Lovelace, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ndi Babbage, polemba za makinawa mu 1843, anawayerekeza ndi makina a Jacquard, kuti awa adzawomba masamu monga mmene enawo amawombera maluwa ndi masamba. Makadi obooledwa anadzagwiranso ntchito pa kalembera wa anthu ku America mu 1890 kudzera m'makina a Herman Hollerith, ndipo makompyuta anapitiriza kuwagwiritsa ntchito mpaka m'ma 1970.

Nanga tchesi ija? Makina oyamba kusewera popanda munthu wobisala anapangidwa mu 1912 ndi injiniya wa ku Spain, Leonardo Torres Quevedo, ndipo anaonetsedwa ku Paris mu 1914. Sankasewera masewera onse. Ankangodziwa kumaliza pamene mbali yawo yatsala ndi tizidole tiwiri tokha, mfumu ndi nsanja imodzi, mdani ali ndi mfumu yokha. Koma pa kagawo kameneko ankachitadi zimene Kempelen ankanamizira. Magetsi ankawauza pamene mfumu ya mdani yaima, ndipo potengera malowo ankasankha okha chochita mwa malamulo ochepa amene anamangidwa m'mawaya awo. Munthu akasuntha mosemphana ndi malamulo, ankayatsa nyali yomuchenjeza. Nthawi zina ankazungulira njira yaitali, koma mapeto ake ankapambana ndithu. Torres Quevedo sanawaveke nduwira kapena kuwapatsa nkhope. Oyambawo anali ndi mkono wachitsulo wosunthira tizidole, ndipo achiwiri, amene anapangidwa patapita zaka zingapo, ankasuntha ndi maginito obisika pansi pa bolodi. Onse awiri akusungidwa ku Madrid, pa sukulu ya mainjiniya ya Universidad Politécnica.